A Dzonzi Agulira Kamwanapiye Mayi

Mwambi uja akuluakulu amauponya mnyamata akabwera ndi mkazi wodziwana naye m'basi, ana inu, sunagwe kumwamba. Unayamba motere, ndipo unayambira kuseri kwa nyumba ya a Dzonzi, kumtunda kwa Lizulu.

A Dzonzi anali telala. Zaka makumi atatu anakhala pakhonde la sitolo ku Limbe akupalasa makina, ndipo maso atayamba kukana kulowetsa ulusi pasingano, ananyamula makina awo n'kubwerera kumudzi kwa akazi awo, a Nankhoma. Munthu anali wabwino ndithu, wosamwa, wosakalipa, koma tauni inawasiyira nthenda imodzi. Ankakhulupirira kuti chinthu chabwino ndi chogula basi. Ukawapatsa mapeyala a mumtengo mwako ankangoti zikomo n'kuwaiwala pawindo, koma mapeyala omwewo akawapeza pamsika ataunjikidwa atatuatatu, ankawatama kukoma mpaka dzuwa kulowa.

Kuseri kwa nyumbayo a Nankhoma ankaweta nkhuku, matadzi angapo ndi tambala mmodzi. A Dzonzi nkhuku ankazidziwira m'mbale. Zikamayenda pabwalo zonse zinali chimodzimodzi kwa iwo, moti ukanawafunsa kuti yakuda ndi iti akanayamba kufuna magalasi.

Pakati pa nkhukuzo panali kamwanapiye kamodzi ka mtundu wa kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi. Kanali konyansa ndithu, khosi lili psuu ngati kapsa ndi phala, koma kwa a Nankhoma kanali chuma. Pamene ankakwatiwa, mayi awo anawapatsa msoti wa kameta, ndipo mbewu imeneyo anaisunga zaka zonsezi, mayiwo atamwalira kalekale. Chaka chimenecho zinthu zinavuta. Thadzi lomaliza la kameta linaikira mazira asanu ndi anayi, koma mazirawo ankasowa limodzilimodzi mpaka linatsala limodzi lokha. Litangoswa limenelo, vumbwe anabwera n'kutenga make. A Nankhoma ankadziwa chimene chinkatha mazira, koma a Dzonzi sanafunse, poti za kukhola sizinkawakhudza.

Kamwanapiyeko kali ndi sabata imodzi, kunabwera uthenga wochokera ku Balaka wakuti mwana wawo Esinati wachira, wabereka mwana wamwamuna. A Nankhoma anayenera kupita kukakhala naye masabata awiri. M'mawa wa tsiku la ulendo anawatengera amuna awo kuseri n'kuyamba kuwalangiza. Nkhuku zazikulu aziziwazira gaga pabwalo. Kamwanapiye kazidyera pakokha, atakavundikira ndi dengu, chifukwa zazikulu zikalanda. Chakudya chake ndi misere yosinjasinja, madzi m'phale muli timiyala kuti kasamire, ndiponso chiswe. Chiswecho anawasonyeza kakoledwe kake: mphika wakale wodzaza zitsononkho zonyowa, wovundikira pachulu, m'mawa kukavundukula.

"Bambo a Esinati, nkhuku zonsezi zikafa ndilira tsiku limodzi," anatero a Nankhoma. "Koma aka kakafa, ndiye kuti mayi anga afa kachiwiri. Chikakuvutani mukafunse a Nangondo."

A Nangondo anali msuweni wa a Nankhoma, wokhala kuseri kwa mpanda wa nkhadze. A Dzonzi anayankha kuti munthu amene analera ana anayi m'tauni sangalephere kanyama kosakwana m'dzanja. A Nankhoma anapitiriza kulongosola za nkhuku ina imene anaimanga miyendo n'kuipanira m'khwapa, koma nthawiyo n'kuti makutu a amuna awo ali ku wailesi imene inkanena za mpira. Iwo anangoganiza kuti nkhukuyo ndi ndiwo za mayi wa khanda ku Balaka, ndipo sanaiyang'ane n'komwe.

Tsiku loyamba a Dzonzi anaona kuti za dengu n'zotaya nthawi. Anasakaniza gaga ndi misere n'kuwaza pabwalo kuti aliyense adzionere yekha, monga amachitira anthu pokwera basi ku Limbe. Nkhuku zinathamangira, fumbi koboo, ndipo kamwanapiye kanapondedwa kawiri n'kutuluka m'gulumo kopanda ngakhale msere umodzi. Kanaima pambali n'kuyamba kulira, ndipo kanalira mpaka a Dzonzi anakatenga dengu lija ali nyinyiriri.

Tsiku lachiwiri anapita kuchulu atavala nsapato zawo za kutchalitchi. Mphika anauvundukula bwinobwino, koma m'malo mogogodera zitsononkho m'mbale, anapisamo dzanja. Agang'a, asilikali a chiswe aja a mitu yofiira, anawalandira ndi manja awiri. Anabwerera kunyumba akukupiza zala, koma chiswe anabwera nacho. Ataona kamwanapiye kakutola chiswe chimodzichimodzi, kachithokomiro kake kakutupa, mtima wawo unasungunuka. Anakhala pansi pomwepo n'kumakaonerera, zala zikuwawa.

Kuyambira tsiku limenelo kamwanapiye kanaganiza kuti kapeza make. A Dzonzi akapita kubafa, iko pambuyo. Akakhala pamakina, iko kamagona pachala chawo chachikulu n'kumakwera ndi kutsika ndi chopalasira. Madzulo kukazizira, poti ku Lizulu kumazizira mosaseka, kankalowa m'chipewa chawo n'kugona momwemo. Kunena zoona a Dzonzi anakakonda kanthu kameneka, ndipo chikondicho n'chimene chinkawachititsa manyazi. Tsiku lachinayi kanawatsatira mpaka pabawo pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pakati pa mapazi awo. Anzawo sanachedwe. Wina anafunsa ngati mwanayo wayamwa kale, wina anati awabwereke nsalu yoberekera, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkawatchula kuti amake a Kameta.

Pobwerera kunyumba anapeza a Nangondo ataima pampanda, akuseka chamumtima.

"Alamu, kamwanako kakufuna make wa nthenga," anatero a Nangondo. "Thadzi langa lija laswa sabata yathayi, anapiye ake ndi msinkhu womwewu. Bweretsani madzulo ano ndikalowetse kunsi kwa mapiko kukamachita chisisira. Kukacha lidzayesa kake."

A Dzonzi anasuzumira kuseri kwa mpanda n'kuliona thadzilo. Linali lowonda, nthenga zili nyankhalala, mchira wothothoka, likupalasa padzala ndi anapiye asanu. Anafunsa kuti alipira zingati, a Nangondo n'kuseka kuti pachibale salipiritsana zotere. Apo ndiye nkhani inathera. Chinthu chowonda, ndiponso chaulere! Anathokoza mwaulemu n'kunena kuti mwana wa m'nyumba mwawo sangaleredwe padzala, mawa ndi tsiku la msika, akamugulira mayi wooneka bwino.

"Mayi amagula, alamu?"

"Ku tauni chilichonse amagula," anayankha a Dzonzi.

M'mawa mwake anatsekera kamwanapiye m'dengu, kuvala jekete, ulendo wa kumsika. Anadutsa mbatata, kabichi ndi tomato mpaka kumene amagulitsa nkhuku. Kumeneko maso awo anagwera pa thadzi lina lofiirira, lonenepa, nthenga zikuchita kung'anima ngati alidzoza mafuta. Wogulitsayo, bambo wa njinga yokhala ndi khola kumbuyo, anaona jekete n'kudziwiratu kuti lero kwacha bwino. A Dzonzi anafunsa ngati nkhukuyo imalera ana, iye anati imalera. Anafunsa ngati ndi yofatsa, iye anati ngati mwana wa nkhosa. Anafunsa kumene yachokera, iye analoza chakumadzulo n'kunena kuti kutali, mkati mwa Mozambiki, kwa mzungu wina wa pafamu. Akanafunsa ngati imasoka zigamba, bamboyo akanavomeranso. Funso limodzi lokha ndi limene a Dzonzi sanafunse, loti mwini wake anaigulitsiranji nkhuku yabwino chonchi. Analipira osanenerera, n'kuipatsa dzina loti Dona asanatuluke mumsika.

Atafika kunyumba n'kuimasula miyendo, anaona zodabwitsa. Nkhuku yachilendo imayamba yaima, kutukula khosi, kuyang'ana uku ndi uku. Dona sanatero ayi. Anadzikung'untha, n'kulunjika pa phale la madzi kuseri kwa nkhokwe, kumwa, kenako n'kulowa m'khola kudzera pa kabowo kam'mbali kamene ngakhale a Dzonzi sankakadziwa. Matadzi enawo sanamumenye monga amachitira ndi mlendo, anangomupatsa njira. Tambala anangomuyang'ana kamodzi n'kupitiriza kupalasa.

A Dzonzi anawomba m'manja n'kuitana a Nangondo kuti adzaone nzeru za nkhuku ya kwa mzungu. A Nangondo anabwera, kuiyang'ana nkhukuyo, kuiyang'ananso, n'kugwira pakamwa.

"Alamu, nkhuku iyi mwaigula kwa ndani? Chifukwatu iyi ndi..."

"Musavutike, a Nangondo," anawadula a Dzonzi. "Ndikudziwa kuti yanu ija ikuoneka yonyozeka pafupi ndi iyi. Musadandaule, ikaswa ndidzakupatsaniko mbewu."

A Nangondo anameza mawu awo. Anangoti chabwino, wamkulu sauzidwa, n'kubwerera kwawo mapewa akugwedezeka.

Tsopano a Dzonzi anakonza phwando la chidziwano. Anathira misere yambiri m'mbale, kuwonjezera chiswe cha tsiku limenelo, n'kuvundikira Dona ndi kamwanapiye m'dengu limodzi kuti mayi ndi mwana adyere pamodzi. Anasuzumira pa mpata wa nsungwi. Dona anatha chiswe chonse, kutha misere, ndipo kamwanapiye katayandikira mbale anakajompha pamutu. Munthu wina akanavundukula dengu pomwepo. A Dzonzi anagwedeza mutu mokhutira, amvekere mwana amafunika mwambo, wamkulu ayambe wadya.

Anachita zimenezi masiku anayi. Chiswe ankakatenga okha, agang'a n'kumawaluma okha, koma chonse chinkathera m'mimba mwa Dona. Kamwanapiye kanayamba kugwetsa mapiko. Kakatuluka m'dengu kankathamangira ku mapazi awo, koma iwo ankakabweza kuti kapite kwa make, ngakhale mtima unkawawawa pochita zimenezo. Ankadziuza kuti kazolowera, ndipo pabawo anasiya kuwatchula amake a Kameta.

Masiku omwewo mazira anayamba kusowa m'khola. Matadzi ankatetera ndithu m'mawa uliwonse, koma a Dzonzi akapita ndi mbale ankapeza zisa zili mbee, mwina timakoko tokha. Poyamba anati ndi njoka, n'kuwotcha matayala akale kuzungulira khola mpaka nyumba yonse kununkha. Kenako anati ndi galu wa a Nangondo, n'kupita kukadandaula. A Nangondo anawakumbutsa kuti galuyo anafa chaka chatha, ndipo a Dzonzi omwewo ndi amene anawabwereka khasu lomukwirira.

Lachisanu masana kunabwera uthenga wakuti a Nankhoma afika mawa. A Dzonzi anasesa pabwalo, kutsuka phale la madzi, n'kuganiza zoti akazi awo adzapeze kamwanapiye kali kokhuta. Anathira misere yochuluka kuposa masiku onse, kuvundikira awiriwo m'dengu, n'kupita kubawo. Pobwera dzuwa litapendeka anapeza dengu lili chagada, mbale ili mbee, kamwanapiye kulibe.

Anafuna kuseri kwa nkhokwe, m'bafa, pansi pa makina, m'nsapato. Anayang'ana m'chipewa katatu konse. Anayang'ana kumwamba ngati kabawi angabwere kudzapepesa. Mdima unagwa asanakapeze, ndipo tsiku limenelo a Dzonzi sanadye. Kufunsa a Nangondo kunawabwerera m'mutu, koma manyazi anawagwira mwendo. Mawu a akazi awo aja, akuti mayi anga afa kachiwiri, ankangowazungulira m'makutu, ndipo anazindikira kuti iwonso akukasowa kanthu konyansa kaja kamene kankagona pachala chawo.

Kutacha anayambiranso. Anagwada n'kulowetsa mutu m'khola, mwina kanabisala pakona. Mmenemo anakumana maso ndi maso ndi Dona, ataima pachisa cha thadzi lakuda, mlomo uli wachikasu, dzira lili pakati kudyedwa. Dona anawayang'ana n'kupitiriza kudya.

"Odi kuno."

A Dzonzi anatuluka chafutambuyo, zitosi za nkhuku m'mawondo, nthenga kumutu. A Nankhoma anali ataima pabwalo, chikwama kumutu, nkhope ili mwee ndi nkhani za mdzukulu. Asanayambe n'komwe kulonjerana, Dona anatuluka pa kabowo kake kaja akupukuta mlomo pansi. A Nankhoma anatula chikwama pang'onopang'ono.

"Bambo a Esinati, mbala iyi yabwerera bwanji?"

"Mbala iti? Ameneyu ndi Dona. Ndinamugula kumsika kuti alere kamwanapiye. Ndi wa ku Mozambiki."

"Wa ku Mozambiki," anabwereza a Nankhoma. "Nkhuku iyi inaswedwa m'khola ili, pachisa icho. Taonani chala chake chakumanzere, ndinachidula ndine ili kamwanapiye kuti isasokonekere ndi za a Nangondo. Ndi imene inadya mazira asanu ndi atatu a kameta. Ndinaimanga pamaso panu, ndikukuuzani, n'kukaigulitsa kwa bambo wa njinga pamsewu kuti ikathere mumphika wa anthu ena. Kunenepaku mukukuonaku ndi mazira anga."

A Dzonzi anayang'ana chalacho. Chinalidi chodula. Anakumbukira phale la madzi, kabowo ka m'khola, ndi tambala amene sanadabwe.

"Nanga kamwanapiye kali kuti?" anafunsa a Nankhoma, mawu atatsika.

Apa ndiye panalibe pothawira. A Dzonzi anavula chipewa n'kulongosola zonse, za dengu, za misere, za kujompha, osabisa kanthu. Anati kasowa dzulo madzulo ndipo wolakwa ndi iwo. A Nankhoma sanakalipe. Anangokhala pamtondo n'kuyang'ana dengu lija, ndipo kuyang'ana kumeneko kunawapweteka a Dzonzi kuposa agang'a onse a pachulu.

Ali chomwecho anamva kukokoza kwa thadzi loitana ana. Pa mpata wa nkhadze panatulukira thadzi lowonda lija la a Nangondo, mchira wothothoka, likupalasa uku likubwera. Pambuyo pake panali anapiye, osati asanu, koma asanu ndi mmodzi. Wachisanu ndi chimodziyo anali ndi khosi lofiira lopanda nthenga, kachithokomiro kali tantha. Thadzilo linafukula kanyongolotsi, kukaika pansi, n'kubwerera m'mbuyo kuti ana adye, ilo osalawa.

Pambuyo pa zonsezo panabwera a Nangondo, manja kumbuyo. Anati anakapeza dzulo madzulo kakunjenjemera patsinde pa mpanda, n'kukalowetsa kunsi kwa mapiko monga ananenera poyamba paja. Anati akanatha kuwauza alamu awo dzulo lomwelo, koma anaona kuti usiku umodzi wosagona supha munthu, ndipo mwina umamuthandiza.

A Nankhoma anaseka mpaka misozi, kaya inali ya kuseka yokha kaya inasakanikirana ndi ina, sindinganene. Kamwanapiye kataona mapazi a a Dzonzi kanathamangira, kujompha chala chachikulu kamodzi ngati moni, n'kubwerera kwa make watsopano. A Dzonzi anakayang'ana kakupita, ndipo anamva kansanje pang'ono.

Komabe munthu wa m'tauni sagonja msanga. Anakanda pamutu n'kunena kuti cholakwika chinali wogulitsa uja, sabata yamawa apitanso akasankhe bwino, chifukwa pamsika paja panali matadzi ena ooneka bwino kwambiri.

"Ooneka bwino, inde," anatero a Nankhoma akupukuta m'maso. "Mufunse amayi onse a m'mudzi muno. Yoikira bwino ndi yolera ana, munthu sachotsa pakhomo, ndipo akafuna kugawa amapatsa mbale wake. Imene amaimanga miyendo kupita nayo kumsewu ndi yodya mazira, yojompha anapiye, kapena yoyamba kuwodzera. Kumsika kumapita milandu ya m'makola, bambo a Esinati."

Atatero analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni, kuwapatsa amuna awo chogwirira chili kutsogolo, n'kuloza Dona ndi mlomo. Anati a Nangondo adya nawo masana, ndipo nthutumba ndi yawo chifukwa aigwirira ntchito. A Dzonzi anayamba kumuthamangitsa Dona kuzungulira nkhokwe, jekete likuuluka, ndipo Dona, poti pakhomopo anabadwira, ankadziwa pokhota paliponse kuposa iwo.

Ali pa ulendo wachitatu wozungulira nkhokwe, anzawo a pabawo anatulukira n'kuima pampanda kufunsa chimene chachitika kuti amake a Kameta azithamangitsa mlendo wa ku Mozambiki. A Nangondo ndi amene anayankha, mokweza kuti alamu awo amve bwino pamene ankadutsa ali wefuwefu, ndipo mawuwo anayenda kuchokera pampanda umenewo mpaka kufika kwa inu lero.

"Ya mpeni kaguleni kulikonse, alamu. Koma nkhuku yoweta sagula pamsika."